KUSUNGITSA MALO KU MUNDA WA ANTHU ONSE

1. Cigubu pa mzere

Mwana ali yense wokulira ku Kanyama, ku George kapena ku Chawama audziwa mwambo wa pa pompi. M'mamawa, madzi asanayambe kutuluka, amai amatuma mwana kukaika cigubu pa mzere. Mwanayo amaika cigubu cace kumbuyo kwa zigubu zimene wazipeza, nabwerera ku nyumba kukasesa. Cigubu ciribe pakamwa, koma cimalankhulira mwini wace, ndipo onse amamva kuti pamenepo pali munthu. Madzi akafika, ali yense amatunga monga mwa malo a cigubu cace.

Pompiyo si ya mwana uja ai. Ndi ya komboni yonse. Cimene iye wasunga ndi nthawi yace yotungira. Akadzaza cigubu amacoka, ndipo wa kumbuyo kwace amasendera. Ndeu imabuka wina akakankha cigubu ca mnzace, kapena akandanda zigubu khumi pamene afuna madzi a zigubu ziwiri zokha.

Mwambo womwewo ulipo ku minda imene anthu amapitako kukapumula ndi kukaona nyama. Kumeneko kulibe zigubu, koma kuli buku. Munthu wofuna cisakasa codyeramo, kapena malo omangapo hema wogonamo, amayamba walembetsa dzina lace m'bukumo tsiku la ulendo lisanafike. Kucita cotero ndiko kusungitsa malo. Anthu a m'tauni amati kubukitsa.

2. Mzinda wopanikizana

Lusaka unakhala mzinda waukulu wa dziko la Northern Rhodesia m'caka ca 1935, pamene Boma linasamuka kucokera ku Livingstone. Amene analemba mapu a mzindawo anaikamo miseu yotakata, mitengo ya mthunzi ndi minda ya maluwa, koma zokomazo zinali ku mbali yokhala Azungu. Anthu akuda anayesedwa alendo obwera kudzagwira nchito, amene tsiku lina adzabwerera ku midzi yao.

Nyumba za ku Matero zinamangidwa ndi Khonsolo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950. Ku Mtendere anthu anayamba kupatsidwa mapoloti m'caka ca 1967. Makomboni ena, monga George, Chawama ndi Kalingalinga, anayamba pamene anthu anadzimangira okha pa mafamu a eni ndi pa malo okumbapo miyala kapena oumbapo njerwa. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, anthu ambirimbiri anadza ku tauni, ndipo nyumba zinacurukana. M'caka ca 1974 panakhazikitsidwa lamulo lolola Boma kubvomereza makomboni otere ndi kuwakonza. Pa kalembera wa 2022 anthu a mu mzinda wa Lusaka anapitirira 2,000,000, ndipo ambiri a iwo akhala m'makomboni.

Kumene nyumba zathithikana, mabwalo amacepa ndi mitengo imasowa. Anyamata amamenyera mpira pa mseu, nathawa galimoto ikamadza. Alipo ana ambiri amene aona mbidzi pa cizindikiro ca dziko la Zambia, pamene yajambulidwa pafupi ndi cimanga ndi mgodi, koma mbidzi yamoyo sanaione ndi kale lomwe. Kwa ana otere ulendo wa tsiku limodzi ku munda wa nyama ndi cinthu cacikulu, cimene amacikumbukira mpaka kukula.

3. Minda ya pafupi ndi Lusaka

Kumwera kwa Lusaka, pa mseu wa ku Kafue, kuli tauni ya Chilanga. Kumeneko Mzungu wina wogwira nchito ya Boma, dzina lace Ralph Sander, anayamba kubzala mitengo ndi maluwa a mitundu mitundu m'zaka za m'ma 1950. Malowo anawacha dzina la Cinyanja lakuti Munda Wanga. Pambuyo pace mundawo unalowa m'manja mwa Boma, ndipo munaikidwanso nyama za m'chire kuti anthu aziziona. Dzina silinasinthe, koma tanthauzo lace linakula: munda umene unali wa munthu mmodzi unasanduka wakuti mwana ali yense anene kuti ndi munda wace.

Ku mbali ya pakati pa kumwera ndi kum'mawa kwa mzinda, podzera mseu wa Leopards Hill, kuli Lusaka National Park, imene inatsegulidwa m'caka ca 2015. Kale malowo anali nkhalango yosungidwa ndi Boma. Kukula kwace ndi mahekitala oposa 6,700, ndipo hekitala imodzi iposa bwalo la mpira. Ngakhale ziri conco, iyo ndi imodzi mwa nkhalango zazing'ono za nyama m'Zambia, pakuti Kafue National Park, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1950, iri ndi mahekitala 2,240,000. Mu Lusaka National Park, imene yazingidwa ndi mpanda wa waya, muli mbidzi, nyamalikiti, nyumbu, nchefu, mphalapala, nswala ndi njiri. Mikango mulibe. M'caka ca 2022 ana a njobvu amasiye, amene anali kuleredwa ku Lilayi, anasamutsidwira momwemo. Alendo amawaona pa nthawi yoikika, ndipo akakula amawatengera ku Kafue kuti akazolowere moyo wa m'chire.

Nkhalango zonse za nyama ziri m'manja mwa nthambi ya Boma yochedwa Department of National Parks and Wildlife, imene inalandira nchitoyi m'caka ca 2016. Likulu lace liri ku Chilanga. Alonda ace ndi amene anthu amawachula kuti a gemu.

Kumanga misasa ya alendo m'nkhalango za nyama si kwacilendo m'dziko lino. Ca m'ma 1950 Mfumu Nsefu ya Akunda, ku cigwa ca Luangwa, inamvana ndi Norman Carr nipatula mbali ya dziko lace kuti nyama zisaphedwemo. Pamenepo panamangidwa msasa wogonamo alendo odzaona nyama, ndipo ndalama zimene alendowo analipira zinathandiza anthu a mfumuyo.

4. Cifukwa cace pali buku

Wina angafunse kuti, ngati munda ndi wa anthu onse, alekeranji munthu kungofika ndi kukhala pamene wafuna? Zifukwa ziripo zinai.

Coyamba, zisakasa ndi zowerengeka. Cisakasa ca ku munda ndi denga la udzu kapena la malata loimikidwa pa mizati, lopanda makoma, longa lija anthu ambiri a m'Lusaka amati insaka. Pansi pace pamakhala mabenci ndi tebulo, ndipo pafupi pace pali pootcherapo nyama. Anthu 40 sangakhale m'cisakasa cimene muli kale anthu 40 ena. Masiku a nchito zisakasa zimangokhala, koma Loweruka, pa Khrisimasi, pa Caka Catsopano, pa masiku awiri a chuthi a kuciyambi kwa July, ndi pa 24 October, tsiku lokumbukira ufulu, mabanja, masukulu ndi mipingo amafuna malo omwewo nthawi imodzi.

Caciwiri, madzi ndi zimbudzi ziri ndi malire. Mzinda wa Lusaka wakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu ndi mapanga. Madzi a mvula amalowa msanga m'ming'alumo, ndipo zonyansa zimatsata njira yomweyo mpaka kufika ku zitsime. Anthu a m'makomboni acidziwa cimeneci ndi misozi, pakuti kolera inapha anthu ambiri m'dzinja la 2017 ndi 2018, ndiponso la 2023 ndi 2024, pamene odwala anagonekedwa ku National Heroes Stadium ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Anthu akacuruka pa malo ogona kuposa zimbudzi zace, ena amalowa pa chire, ndipo nthenda imapeza njira.

Cacitatu, nyama ndi udzu zifuna mpumulo. Mahema akamangidwa pali ponse, udzu umapondedwa nufa, nkhuni zimatha, ndipo nyama zimathawa phokoso. Potero oyang'anira amapatula malo pang'ono ogonapo anthu, ndi kusiyira nyama kwina konse.

Cacinai, alonda ayenera kudziwa amene ali m'kati. Dzuwa likalowa zipata zimatsekedwa. Moto wolusa ukabuka usiku, kapena mwana akasocera, mlonda amayang'ana m'buku kuti adziwe ciwerengero ca anthu ndi pamene agona.

Pali cinthu cinanso coyenera kucikumbukira. M'masiku a atsamunda munthu wakuda ankabwezedwa pa khomo la malo ambiri odyera ndi osangalalira cifukwa ca khungu lace. Lamulo loletsa tsankho lotere m'nyumba zodyera ndi zoonetsera kanema linadza m'caka ca 1960. Lero pa cipata ca munda wa Boma safunsa mtundu wa munthu kapena komboni imene acokera. Buku, likasungidwa mokhulupirika, silisankha nkhope. Limangodziwa amene anayamba kupempha. Mwana wa woumba njerwa akalembedwa poyamba, mwini galimoto lalikulu wofika pambuyo ayenera kudikira.

5. Masungitsidwe a malo

Akulu anati, safunsa anadya phula. Wotsogolera ulendo, kaya ndi mphunzitsi, kaya mkulu wa mpingo, kaya kholo, ayenera kucita zinthu izi mwa dongosolo.

Ayambe wasankha tsiku, ndi kusunganso tsiku lina m'maganizo kuti loyambalo likapezeka lodzaza asasowe conena. Nyengo yabwino ya ulendo ndi kuyambira May mpaka August, mvula itatha ndipo kutentha kwa October kusanafike. Koma ofuna kugona m'mahema adziwe kuti usiku wa June ndi July kumazizira kwambiri, ndipo mwana ali yense afunika bulangeti ndi juzi.

Kenaka awerenge anthu bwino lomwe: ana angati, akulu angati, anyamata angati ndi atsikana angati, popeza mahema ao amamangidwa padera. Kunena kuti "tidzabwera ambiri" sikuthandiza woyang'anira.

Atatero afunse ku ofesi ya munda, polemba kalata, poimba foni, kapena popita yekha. Afunse ngati malo alipo pa tsikulo, mtengo wolowera, mtengo wa cisakasa ndi wa malo ogona, nthawi yotsegula ndi yotseka cipata, ndiponso ngati kuli madzi akumwa. Afunsenso za moto, cifukwa m'nkhalango za nyama munthu sathyola nkhuni monga afunira. Kawiri kawiri alendo amadza ndi mbaula yao ndi makala, amene m'Lusaka amati malasha. M'nkhalango za Boma nzika za Zambia zimalipira ndalama zocepa kuposa alendo a maiko ena, cotero akulu asaiwale ziphaso zao.

Kalata yopempha malo ikhale yaifupi ndi yomveka, monga iyi:

Kwa Woyang'anira Munda,

Bambo,

Ndiri kupempha cisakasa cimodzi ndi malo omangapo mahema 6 pa Lacisanu ndi Loweruka la mlungu wotsiriza wa June. Ulendowu ndi wa ana a Giredi 7 okwana 42, aphunzitsi 3 ndi makolo 2. Tidzafika Lacisanu 10 koloko m'mawa, ndi kucoka Loweruka 3 koloko masana. Conde mundidziwitse mtengo wace, cikole cofunika, ndi malamulo amene ana ayenera kuwasunga.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Giredi 7.

Kumene amafuna cikole, wotsogolera acipereke msanga. Cikole ndi mbali ya ndalama yoperekedwa ulendo usanacitike, yosonyeza kuti wopemphayo sali kuseka. Ena amapereka pa manja, ena ku banki, ena pa foni. Njira iri yonse imene watsata, alandire lisiti, naone ngati palembedwa tsiku, ciwerengero ca anthu ndi malo amene apatsidwa. Ndalama za Boma zisaperekedwe kwa munthu wa pa njira wonena kuti adziwana ndi akulu a ku ofesi. Mau a pakamwa amauluka, koma lisiti limakhala.

Potsiriza, kutatsala masiku awiri kapena atatu, afunsenso ku ofesi kuti atsimikize kuti dzina lace liri m'buku. Pamenepo ndi pamene angauze mwini basi nthawi yodzatenga ana.

6. Fanizo la masukulu awiri

Panali aphunzitsi awiri, wina wa pa sukulu ya ku Mtendere, wina wa pa sukulu ya ku Matero. Onse awiri anaganiza zotengera ana ao ku munda wina wa kunja kwa mzinda pa Loweruka limodzi. Makolo a ana onsewo anasonkha ndalama mobvutikira. Amai ena anagulitsa zitumbuwa pa mseu, ena matimati pa msika, ndipo bambo wina anaphwanya miyala milungu iwiri kuti mwana wace asatsale.

Mphunzitsi wa ku Mtendere analemba kalata kutatsala mwezi wathunthu, napereka cikole, nasunga lisiti m'buku la maina a ana. Koma wa ku Matero anati mumtima mwace, "Munda uja ndi waukulu, sitingasowe pokhala." Mnzace wina atamkumbutsa za kalata, iye anati adzalemba mawa. Mawalo silinafike. Zengerezu analinda kwaukwau.

Tsiku la ulendo basi ya ku Matero inafika pa cipata dzuwa litakwera. Ana anatsika ali kuimba, atasenza mapoto, ufa, ndiwo ndi mbaula. Anaona cisakasa cacikulu pansi pa mitengo, ciri copanda munthu, nathamangirako. Koma mlonda anawaimitsa, nafunsa mphunzitsi ulemu kuti, "Aphunzitsi, kodi muli ndi lisiti la cisakasa?"

"Iai, bambo," anayankha mphunzitsiyo. "Ndinayesa kuti tidzangolipira pofika."

Mlonda anatsegula buku nati, "Pepani, aphunzitsi. Kulowa mungalowe, koma zisakasa zonse zitatu zinasungitsidwa kale. Ici ndi ca ana a ku Mtendere, amene ali m'njira."

Ana anakhala cete. Dzuwa linali kuwawa, ndipo kuphika pa udzu wouma kunali koletsedwa. Mnyamata wina wolimba mtima anaturuka pa mzere nati, "Bambo, kodi munda uno si wa Boma? Nanga ife sitiri ana a Zambia? Cisakasaco ciribe munthu, ndipo ife tayamba kufika."

Mlonda sanakwiye. Anamfunsa kuti, "Mwana wanga, kwanu mumatunga kuti madzi?"

"Pa pompi, bambo."

"Ukaika cigubu cako pa mzere m'mamawa, nupita kukasesa, kodi wofika pambuyo acicotse cifukwa iwe palibe?"

Mnyamata uja anayang'ana pansi nati, "Iai, bambo. Pangakhale ndeu."

"Wayankha bwino," anatero mlonda. "Anzako a ku Mtendere anaika cigubu cao mwezi wathawu. Munda ndi wako, ndi waonso. Ndikawacotsa lero cifukwa ca iwe, mawa ndidzakucotsa iwe cifukwa ca wina wamphamvu kukuposa."

Mphunzitsi anagwidwa ndi manyazi, pokumbukira zitumbuwa ndi miyala imene inalipira basi. Anali pafupi kuuza ana kuti adye buledi wouma ali ciimire, pamene foni ya m'nyumba ya alonda inalira. Anali mai wina wotsogolera cigwirizano ca amai a mpingo wa ku Kalingalinga, amene anasungitsa cisakasa cacitatu. Mmodzi wa iwo anamwalira usiku, ndipo onse anali pa nyumba ya maliro. Ngakhale anali m'cisoni, maiyo anakumbukira kuti malo amene iwo sadzakhalapo angathandize ena.

Mlonda anapepesa malirowo, nafafaniza dzina lao m'buku, nalemba la sukulu ya ku Matero. Ana anaphika nsima pa mthunzi, ndipo madzulo anaona nyamalikiti ali kudya nsonga za mitengo. Pobwerera mphunzitsi anaimirira m'basi nati, "Ana inu, lero tapulumuka cifukwa ca ulemu wa amai amene sitiwadziwa. Colakwa cinali canga. Caka ca mawa kalata idzatsogola, basi idzatsata."

7. Pangano la mbali ziwiri

Kusungitsa malo ndi pangano. Woyang'anira alonjeza kuti sadzapatsa wina cisakasaco pa tsikulo. Wosungitsa nayenso ali ndi malonjezo ace.

Alonjeza kupempha malo okwanira anthu ace okha. Wosungitsa zisakasa ziwiri pamene cimodzi cikwana afanana ndi uja wondanda zigubu khumi pa pompi. Alonjeza kufika pa nthawi yace ndi kucoka pa nthawi yace, pakuti mwina ena ali kudikira. Akalephera kupita, alonjeza kudziwitsa ofesi msanga, monga anacitira amai a ku Kalingalinga. Cisakasa cosungitsidwa cimene mwini wace sanafike cimakhala copanda munthu tsiku lonse, pamene ana ena apsa ndi dzuwa kunja kwace.

Alonjezanso kusunga malamulo a malowo. Moto usonkhedwe pokha pokha pamene panakonzedwera moto, ndipo uzimidwe ndi madzi mpaka phulusa litazizira, cifukwa m'cirimwe khala limodzi litha kutentha nkhalango yonse. Nyama zisapatsidwe cakudya. Pusi wozolowera kulandira nthoci kwa anthu amayamba kulanda ndi kuluma, ndipo mapeto ace amaphedwa. Mapepala a pulasitiki ndi mabotolo zisatayidwe pansi, popeza nswala ikameza pulasitiki imadwala nifa. Usiku pa malo ogona wailesi izimidwe ndi nyimbo zileke, kuti a m'mahema ena agone ndi nyama ziyende mwa mtendere. Palibe wolemba dzina lace pa mizati ndi mpeni kapena khala.

Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Wosungitsa cisakasa ndi mlendo wa tsiku limodzi pa malo amene adzakhalapo iye atapita. Asanakwere basi, ana asese, atole zinyalala zonse, ndi kusiya malowo monga iwo akanakonda kuwapeza.

8. Ku maiko ena

Mwambo wosungitsa malo uli ponse ponse pamene pali minda ya anthu onse. Nkhalango yoyamba pa dziko lonse kupatulidwa ndi Boma kuti anthu azikaona zolengedwa ndi Yellowstone, ku America, m'caka ca 1872. Lero malo ambiri ogona m'nkhalango za Boma la America amasungitsidwa pa intaneti kutatsala miyezi 6, ndipo malo okondedwa kwambiri amatha m'mphindi zowerengeka. Ku South Africa, kumene kuli Kruger National Park yokhazikitsidwa m'caka ca 1926, buku limatsegulidwa kutatsala miyezi 11, ndipo ofuna kupitako pa chuthi ca December amalembetsa caka cikangoyamba.

Intaneti yafulumiza nchitoyi, koma yadza ndi mabvuto ace. Wopanda kompyuta kapena foni yabwino amatsalira. Ena amasungitsa malo ambiri cifukwa ali ndi ndalama, koma osafika. Cifukwa ca ici oyang'anira nkhalango zina amasiyako malo pang'ono osasungitsidwa, kuti apatse oyamba kufika tsiku lomwelo. Kaya buku ndi la pepala, kaya liri m'kompyuta, nchito yace ndi imodzi: kugawira anthu ambiri malo ocepa popanda ndeu ndi popanda tsankho.

Mwana wodziwa kuika cigubu pa mzere, kudikira nthawi yace, ndi kucoka akadzaza, wadziwa kale zonse zofunika posungitsa malo ku munda. Cotsala ndi kulemba kalata nthawi ikalipo.

MAFUNSO

1. Kodi cigubu ca pa mzere cifanana bwanji ndi dzina lolembedwa m'buku la ku munda?
2. Ndani anayamba Munda Wanga, ndipo uli kuti?
3. Lusaka National Park inatsegulidwa caka citi? Chulani nyama zisanu zopezeka m'menemo.
4. Perekani zifukwa zinai zimene oyang'anira amasungira buku la malo.
5. Cifukwa ninji miyala ya pansi pa Lusaka icititsa kuti zimbudzi zikhale nkhani yaikulu?
6. Cikole nciani? Nanga pa lisiti payenera kulembedwa ciani?
7. Mnyamata wa ku Matero ananena zoona pa ciani, ndipo analakwa pa ciani?
8. Fotokozani tanthauzo la miyambi iyi: safunsa anadya phula, zengerezu analinda kwaukwau, mlendo ndi mame.

NCHITO

1. Lembani kalata yopempha cisakasa ca kalasi lanu, muchulemo tsiku, nthawi ndi ciwerengero ca anthu.
2. Hema mmodzi agona ana 6. M'kalasi muli anyamata 20 ndi atsikana 22, ndipo agona padera. Pafunika mahema angati?
3. Jambulani malo ogona, muonetse pamene pali mahema, moto, madzi ndi cimbudzi, ndipo munene cifukwa cace mwaika ciri conse pamene mwaciikapo.